Dzina la Mphamba pa Khoma la Bwalo

Esiteti ya Santa Irene, San Pedro de Macorís
8 Januwale 1996

Wokondedwa mlongo wanga Fidencio,

Ndikhulupirira kuti iwe, mlamu wanga Yudelka ndi ana muli bwino kumeneko ku New York. Kuno tilipo. Ayamba kudula nzimbe, ndiye phulusa la m'minda silikutipatsa mtendere. Zovala zimene ndachapa m'mawa, masana ndizichapanso. Bambo akupereka moni. Mwendo wotsalawo ukuwavutabe, maso nawo akunka nachita chidima. Adokotala anawaletsa shuga, koma bambo aang'ono a Chichí amawabweretsera wa m'thumba akamabwera kudzasewera madomino, poganiza kuti ine ndilibe maso.

Ndakulembera chifukwa cha khoma. Ukudziwa kuti chaka chilichonse komiti ya anthu asanu ndi awiri imasankha osewera akale a besibo, mpira womenya ndi ndodo uja, mayina awo n'kusemedwa pa khoma la ulemu polowera m'bwalo la m'tauni. Dzina la bambo alikana kawiri. Lamulo lawo likuti akalikana kachitatu amalifufuta m'kaundula, silibweranso. Akumana Loweruka pa 23 Malichi.

Ndinapita kukaonana ndi wapampando, Don Evaristo, ku sitolo yawo ya mankhwala. Potchula bambo ndi dzina lawo la pa bwalo, anandiuza kuti, "Mwana wanga, Mphamba ndinamuona ndi maso angawa. Mpira ukauluka kupita kumapeto kwa bwalo kumene iye ankalondera, womenyayo ankangotaya ndodo n'kukakhala pansi. Koma anayi mwa ife mu komiti anayamba kuonera mpira iye atasiya kale. Akufuna mapepala, nkhani za ife madala atopa nazo."

Mabuku a timu ya esiteti anapita ndi namondwe wa mu 79. Chatsala ndi bokosi la chitini lija amayi anakupatsa asanamwalire, muli zodula za m'nyuzi za zaka zinayi zimene bambo anasewera ku America. Ulitumize ndi Doña Amparo akamabwera ndi katundu wawo kumapeto kwa mwezi uno. Usalipereke ku positi, ungalire.

Bambo dzana anandiuza kuti nditulutse suti yawo ya bulauni ndiyianike padzuwa.

Undiyankhe msanga.

Mlongo wako,
Belkis


New York
29 Januwale 1996

Achemwali,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Tonse tili bwino, kungoti chipale chagwa choopsa chaka chino. Nyumba imene ndimayang'anirayi ili ndi mabanja makumi anayi, ndipo aliyense akufuna kuti pakhomo pake ndikokole poyamba. Mundiperekere moni kwa bambo ndi bambo aang'ono. Ndatumiza masokosi ofunda awiriawiri, ngakhale ndikudziwa kuti bambo afunika imodzi yokha.

Bokosi lija lili pansi pa katundu wambiri m'chipinda chosungira zinthu, ndipo Doña Amparo akunyamuka mawa ndisanalifikire.

Koma mundilole ndilankhule ngati munthu wodziwa mpira, ndiiwale kaye zoti ndine mwana wawo. Ndinapita ku laibulale kukaona mabuku a maligi ang'onoang'ono a zaka zimenezo. Dzina la bambo lilimo, Teófilo Gumbs, 1956 mpaka 1959. Pa maulendo 100 alionse amene anapita kukamenya, anamenya bwino maulendo 26. Ameneyo ndi munthu wamba. Mipira imene anaitulutsa kunja kwa mpanda ndi 19 pa zaka zinayi zonse, pamene ena ankatulutsa yochuluka chotere chaka chimodzi. Ku ligi yaikulu sanapondeko. Kuwakha ankawakha, sindikukana, koma pa khoma paja pali anthu amene anasewera pamwamba zaka khumi.

Kodi khomalo ndi la anthu amene timawakonda, kapena la amene anaposa anzawo? Ndikuopa kuti mukawanyamula bambo pa njinga yawo ya olumala n'kupita nawo kukachita manyazi kachitatu. Mwina ndi bwino kungoisiya nkhaniyi.

Mundiuze mmene adokotala anenera za maso awo.

Ine mlongo wanu,
Fidencio


Santa Irene
12 Febuluwale 1996

Fidencio,

Moni kwa Yudelka ndi ana. Iwe sindikupatsa, ndakwiya nawe.

Doña Amparo anafika ndi masokosi. Ndinapindapinda thumba lonse kufuna bokosi, mpaka mayiwo anandifunsa ngati ndikuwaganizira kuti aba. Iwe unali ndi nthawi yokwera sitima kupita ku laibulale, koma yosuntha makatoni awiri m'nyumba imene makiyi ake onse ali m'thumba mwako unalibe. Ndine wamkulu kwa iwe zaka ziwiri, usandiyese mwana.

Mabuku akowo analemba kuti bambo ankagona m'basi anzawo oyera akugona m'hotela? Analemba kuti chakudya ankalandirira pa zenera la kuseri, n'kukadyera poimika magalimoto, kenaka n'kukamenya mpira? Umenye iwe 26 utadya choncho. Analemba za tsiku lija mu 55, bwalo la esiteti lisanakhale ndi mpanda, pamene anathamangira mpira mpaka pa msewu, n'kudumphira pa ngolo ya nzimbe ng'ombe zikuyenda, n'kuuwakha ali pamwamba? Pano ngakhale a timu imene inagonja tsikulo amaisimba nkhaniyi, ndipo amaiwonjezera kuposa ife.

Ndikudziwa chimene chikukudya. Ndi tsiku lija bambo anakuchotsa pa bwalo anzako akuona, nati manja akowo ndi osokera madiresi. Analakwa, ndinanena nthawi yomweyo ndipo ndikunenabe. Koma unali ndi zaka khumi ndi zitatu, lero uli ndi imvi m'ndevu. Ukufuna kubwezera munthu wa mwendo umodzi amene sathanso kuona nkhope yako pa chithunzi?

Dzulo anandifunsa ngati bokosi lafika. Ndinawanamiza kuti chipale chatseka msewu wa kwanu. Ndatopa kukunamira, Fidencio. Kwatsala milungu isanu ndi masiku owerengeka. Ndikanakuimbira foni, koma ya pa esiteti ili mu ofesi, ndipo alembi onse amaleka ntchito n'kumamvetsera.

Mwamuna wa a Amparo akubwera kumayambiriro kwa Malichi. Umupatse.

Belkis


New York
24 Febuluwale 1996

Achemwali,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndavomera kukalipiridwa. Tili bwino. Bokosi silili pansi pa katundu, lili pa tebulo panga pano. Ndinakunamizani.

Si za madiresi ayi. Ndikanakonda zikanakhala zimenezo.

Ndinali ndisanalitsegulepo mpaka pansi. Nditalandira kalata yanu yoyamba ndinatulutsa zonse, ndipo pansi penipeni ndinapeza makalata awiri a ubatizo a ku tchalitchi cha Anglican. Ina ndi ya Nicanor Gumbs, wobadwa 1932. Ina ndi ya Teófilo Gumbs, wobadwa 1937. Makolo ndi amodzi. Agogo anabereka amuna awiri okha, ndipo tonse tikudziwa kuti wamkulu ndi bambo.

Khalani pansi, achemwali. Bambo athu ndi Nicanor. Teófilo ndi bambo aang'ono a Chichí. Pa esiteti palibe amene amaitanidwa dzina la pa pepala, uyu Mphamba, uyo Chichí, ndiye ine sindinaganizepo kufunsa. Ndalumikiza nkhani yonse kuchokera m'makalata a agogo amene ali momwemo. Mzungu wofuna osewera atabwera mu 56 sankatenga munthu wopitirira zaka makumi awiri, ndipo bambo anali ndi 24. Iwo ku boma sanalembetsedwe n'komwe, chifukwa agogo anali atangofika kumene kuchokera ku zilumba za Angelezi, njira za maofesi osazidziwa. M'nyumba monse pepala la boma linali limodzi, la mng'ono wawo. Analitenga.

Tsopano ndamvetsa chifukwa chake bambo aang'ono sanavotepo, sanamange ukwati ku boma, sanachokepo pa esiteti. Ndamvetsa chifukwa chake mwana wawo Casilda, amene ankatiposa tonse m'kalasi, anamubweza pa khomo la mayeso a giredi eyiti kuti alibe kalata yobadwira. Ine ndinkayesa kuti anangotopa ndi sukulu. Ana ake atatu nawo alibe mapepala, si choncho?

Ndiye ngakhale manambala aja ndi abodza. Munthu wa zaka 24 ankapikisana ndi ana, aliyense n'kumati mnyamatayu adzakula. Ndipo inu mukufuna ndithandize kuti amusemere ulemu pa khoma. Ndayesa kufuna mawu ena omutchulira munthu wochita zotere kwa mng'ono wake, koma amene akubwera ndi amodzi okha, wakuba.

Ndinabisa chifukwa ndimafuna musadziwe. Mwawasamala zaka zonsezi, ndinati mukhale nawo mmene mumawadziwira. Chonde kalatayi musawawerengere.

Ine mlongo wanu,
Fidencio


Santa Irene
6 Malichi 1996

Fidencio,

Tilipo. Mwamuna wa a Amparo wandipatsa kalata yako, bokosi ayi.

Wandiseketsa, ngakhale si nkhani yoseka. Miyezi iwiri yonseyi umanditeteza ine? Ndinadziwa ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, amayi anandiuza tikusenda nthochi. Esiteti yonse imadziwa. Don Evaristo amadziwa. Pa khoma paja ndikhoza kukulozera mayina asanu ndi limodzi a azichimwene ndi asuweni a anthu amene anasewera. Wosadziwa unali iwe wekha, chifukwa unachoka pano mutu uli m'mabuku, osafunsa aliyense kanthu.

Zoti ndisawawerengere unachedwa nazo. Bambo anamva envulopu ikung'ambidwa, anati ndiwerenge mokweza. Bambo aang'ono anali pomwepo. Ndinali nditakwiya nawe, ndiye sindinalumphe liwu ngakhale limodzi, ndi lija lomwe. Mwina ndinalakwa. Bambo anangoti ndiwalowetse m'nyumba, dzuwa lawaotcha, chikhalirecho tinali pa mthunzi.

Casilda ndamuuza. Iye akuti khoma sililowetsa ana ake sukulu, ndipo akuti zikomo, uli woyamba m'banja muno kutchula dzina lake pa nkhaniyi. Koma bambo aang'ono akuti ndikulembere mawu awo mmene akunenera, ndiye ndi awa:

"Iwe Fidencio, ndi ine Chichí. Chisanu chakulowa m'mutu eti? Ndani anakutuma kundilirira? Zoti mkulu wanga kumenya anali wamba ndikuvomera, ine ndinkamenya kuposa iye, kafunse madala. Koma kuthamangira mpira ndi kuponya, ngati iye sanabadwenso. Tsiku limene ananyamuka ndinapeza chitini cha mapepala chili chotsegula, palibe anandifunsa. Ndinalira chaka chathunthu, kenaka ndinanola chikwanje. Ine sukulu sindinapite, mwana wanga. Pa dziko pano mawu amene ndimatha kuwerenga ndi awiri okha, ndinawaphunzira m'nyuzi zimene iye ankatumiza. Iye ankathamanga, ine ndinkadula nzimbe, koma dzina limene azungu ankasindikiza linali langa. Zaka makumi anayi ndakhala wopanda pepala. Ukufuna zipite pachabe? Ndikufuna ndikaime pa khoma lija ndiliwerenge ndekha ndi chala changachi. Za Casilda ndi mlandu wanga ndi iye, usauweruze uli m'nyumba yofunda. Tumiza bokosi, usandichititse kukwera ndege ndilibe pasipoti."

Wamva. Mwini dzina walankhula. Kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi awiri.

Belkis


New York
14 Malichi 1996

Achemwali,

Moni nonse. Bokosi ndi ili, Doña Amparo alinyamula pamanja, sililowa m'katundu. Makalata a ubatizo ndawaika mu envulopu yapadera, mumupatse Casilda, mwina angamuthandize.

Ndadziona wopusa kwambiri, ndipo sindikudziwanso amene ndamukwiyira. Muwauze bambo aang'ono kuti ndamva.

Pali china chimene ndinabisa dala m'kalata yanga yoyamba. Mabuku omwe aja akuonetsa kuti pa zaka zinayi bambo anagonjetsa othamanga 74 a matimu ena poponya mpira kuchokera kumapeto kwa bwalo, n'kufika iwo asanafike pamene ankathamangira. M'ligi yonseyo palibe anafika ngakhale 50. Chaka chomaliza nambalayo inatsika, ndipo nyuzi ina inalemba kuti ndi chifukwa choti anthu anasiya kuyerekeza kuthamanga mpira ukakhala m'manja mwake. Ndakopera masambawo ndipo ndalemba mizere yofiira. Muyambe kuonetsa zimenezo kwa achinyamata a mu komiti, za ngolo ya nzimbe mudzanene pomaliza.

Za liwu lija, ndikadzabwera ndidzalankhula ndi bambo ndekha. Pa pepala sinditha.

Fidencio


Santa Irene
25 Malichi 1996

Fidencio,

Tadzuka. Kunena kuti tili bwino ndinganame.

Bokosi linafika Lachiwiri. Lachitatu ndinazungulira nalo tauni yonse, nyumba zisanu ndi ziwiri, nsapato mpaka kundidya zidendene. Unanena zoona za mizere yofiira. Mnyamata wina wa mu komiti, loya, amene chaka chatha anati bambo ndi nthano ya kumabawa, anawerenga 74 uja kawiri n'kundipempha kuti akopere.

Loweruka tinapita atatu pa galimoto ya esiteti. Bambo aang'ono anameta, anabwereka jekete kwa abusa, anagula ndi chipewa chatsopano. Njira yonse ankayimba. Bambo sanayimbe nawo, ine n'kumati ndi mantha.

Anavota ife tili panja pa benchi. Patapita ola Don Evaristo anatsegula chitseko akumwetulira, n'kundinong'oneza kuti asanu avomera, awiri akana. Fidencio, tinali titapambana.

Chinatsala ndi mwambo wawo uja. Wosankhidwa akakhala wamoyo amamulowetsa, atchule yekha dzina lake lonse mmene lisemedwere, mlembi n'kulilemba m'buku la komiti. Ndi nkhani ya mphindi imodzi. Ndinakankha njinga mpaka pa tebulo, bambo aang'ono ali pambuyo panga chipewa chili m'manja. Mlembi anafunsa.

Bambo anati, "Nicanor Gumbs."

Don Evaristo anatsokomola. Anati, "Mphamba watopa ndi ulendo. Mlembi, usalembe. Tifunsenso bwinobwino."

"Sindinatope, Evaristo. Nicanor Gumbs, wobadwa 1932. Teófilo ndi uyo ali kumbuyo kwangayo, ku America sanapondeko. Mwana wanga akuti ndine wakuba. Sananame. Ndabweza."

Ndinawatsina paphewa, ndinawapempha m'khutu, koma anabwereza kachitatu, mokweza, mpaka mlembi analemba chifukwa panalibenso njira yodziyesa wogontha. Loya uja anatsegula malamulo awo. Akuti munthu amene wavomera yekha kuti anasewera ndi mapepala a wina sangalandire ulemu, komanso Nicanor Gumbs mulibe m'buku lililonse la mpira, ndiye palibe chomuyezera. Anavotanso ife tili pomwepo. Don Evaristo okha ndi amene anaimika dzanja kuvomera. Dzina alifufuta.

Potuluka mkuluyo anandigwira mkono, misozi ili m'maso. Anati zaka zonsezi aliyense ankadziwa, ndipo ntchito ya bambo inali imodzi yokha, kusunga chinsinsicho mphindi imodzi.

Bambo aang'ono tinawapeza panja ataima pa khoma, pamalo opanda kanthu pamene amisiri anasalaza kale kukonzekera mayina a chaka chino. Bambo anawaitana, anati, "Teófilo." M'moyo wanga wonse ndinali ndisanamvepo akuwaitana choncho. Ndikuganiza kuti ankayembekeza kuthokozedwa.

Bambo aang'ono sanatembenuke. Anati, "Achimwene, munalitenga osandifunsa. Lero mwalitaya osandifunsanso."

Anakana kukwera galimoto. Anayenda wapansi mpaka ku esiteti, makilomita khumi ndi anayi, munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, ndipo kuyambira tsikulo sanapondenso pakhomo pano. Casilda anapita ndi envulopu ija kwa loya wina lero m'mawa. Amuuza kuti nkhani zotere zimatenga zaka, ndipo zambiri sizitha.

Sindikudziwa woti ndimukalipire. Iwe unalemba liwu lija, ine ndinaliwerenga mokweza, bambo analinyamula milungu iwiri osandiuza. Ndakwiya ndi tonse atatu, ndipo ndatopa.

Bambo akudya pang'ono. Lero masana anandiitana kuti ndikamakulembera ndiike funso lawo. Akuti iwe ndi amene unawerenga mabuku onse, ndipo tsopano ukudziwa zaka zawo zenizeni ndi dzina lawo lenileni, ndiye unene ngati Nicanor Gumbs anayenera khoma lija kapena ayi. Akuti usawanyengerere.

Ine sindikuyankhira. Uwalembere wekha, ndipo ulendo uno usachedwe.

Belkis